Madontho Atatu a Mwamuna Wanga

1

Chinsinsi changa ndinachimva m'kamwa mwa mkazi amene ndinali ndisanamuonepo chibadwire.

Linali Lamlungu, titangoweruka mapemphero mu holo imene Amalawife timabwereka ku Al Qusais. Dzuwa linali likuswa mtengo, ngakhale kuti kuno ku Dubai mitengo yoti n'kuswa ndi yosowa. Ndinali nditaima pamthunzi wa khoma, ndikufufuza khadi la sitima ya Metro m'chikwama, pamene mtsikana wina wamfupi, wovala chitenje chatsopano chosachapa, anandikoka mkono.

"Pepani achemwali, ndamva akukutchulani m'katimu. Ndinu a Selina Kasuba? Akazi awo a bambo Rogers Kasuba?"

"Ndine," ndinatero.

Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri monga amachitira anthu pamaliro.

"Ine ndine Prisca. Ndangofika kumene, ndili pa kampani yokolopa m'maofesi. Ndimangofuna ndikuuzeni kuti musamadziimbe mlandu. Zija zoti masiku ena mwana wa bwana mumamukonda kuposa mwana wanu wobereka nokha, Mulungu amamvetsa. Simuli nokha."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufunse. Nthawi yomweyo basi ya kampani yawo, yobwerera ku Muhaisnah kumene amagona, inayamba kuliza hutala, dalaivala atatulutsa mutu pawindo akukuwa m'Chiarabu kuti yalla, yalla, tiyeni msanga.

"Amuna anu ndi munthu wabwino," anatero Prisca akuthamanga. "Anandilimbitsa mtima kwambiri ndisananyamuke."

Basi inapita, nambala ya foni ya Prisca osatenga. Mawu amene ananenawo ndinawayankhula kamodzi kokha pamoyo wanga, ndili ndekha m'chipinda chochapira zovala, ndipo anapita kwa munthu mmodzi. Munthuyo ndi Rogers, mwamuna wanga. Ndili m'sitima pobwerera, zinthu ziwiri zinkandizungulira m'mutu. Mtsikanayu ndi ndani wake Rogers? Ndipo ngati mawu aja afika mpaka kuno, kodi atsala pang'ono bwanji kuti afike m'makutu a mwana wanga?

2

Ndiyambe ndakuuzani mmene ndimakhalira, kuti musandiweruze msanga.

Ndimalera mwana m'nyumba ina yaikulu ku Mirdif. Dzina lake ndi Sofia. Ndinamupeza akukwawa, lero amathamanga n'kumandiyankha. Makolo ake si anthu oipa, ayi ndithu. Madamu amandiuza shukran, zikomo wa m'Chiarabu, ngakhale pa kapu ya madzi. Koma munthu angathe kukuthokoza tsiku lonse osakufunsa n'kamodzi komwe ngati kwanu mvula yagwa. Chipinda changa chili kuseri kwa khitchini, khoma limodzi ndi makina ochapira, ndipo windo lake limayang'ana mpanda wa aneba. Pamatha masiku ambiri ndisanayankhule Chichewa ndi munthu wamoyo. Tsiku lina ndinangodzimva ndikufunsa mphaka wa mumsewu kuti waswera bwanji.

Ku Area 25, ku Lilongwe, ndinasiya Rogers ndi mwana wathu wamkazi mmodzi yekhayo, Tiwale. Ndinamusiya ali Sitandade 7, pano ali Fomu 2 ndipo akuti wandipitirira msinkhu.

Rogers ndi mphunzitsi wa ku sekondale. Tinakumana ku Zomba kalekale, ine ndikugwira ntchito m'kashopu kotaipira ana a pakoleji mapepala awo. Anabwera ndi pepala labwino, koma kumapeto kwake, kumene munthu amandandalika mabuku amene watengamo nzeru, kunali chipwirikiti. Dzina la wolemba kuno, chaka uko, mitu ina yopendekera, ina yoongoka.

"Achimwene," ndinamuuza, "marefelensi anuwa akuoneka ngati katundu wogwa pa lole."

Anaseka, ndipo mawa lake anabweranso alibe choti ataipitse.

Ndiye atayamba maphunziro a masitazi, ine ndili kale kuno, ntchito ija inabwereranso kwa ine. Kafukufuku wake anali wokhudza akazi a ku Malawi amene amagwira ntchito za m'nyumba kunja. Ankanditumizira marefelensi ake, ine n'kumawakonza pa foni masana Sofia akagona. Dzina la bambo poyamba, mpatuliro, chilembo choyamba cha dzina la mwini, chaka, mutu wa buku wopendekera, zonse motsatira alifabeti. Musandiseke, ntchito imeneyi ndinkaikonda. Mpumiro uliwonse umene ndinkaika ndinkamva ngati ndikumusokerera batani pa malaya.

Nayenso anasintha. Kale mauthenga ake anali a mawu atatu: tili bwino kuno. Koma tsopano anayamba kufunsa. "Tandiuza, Selina, umamva bwanji ukamadya wekha?" "Akapita kokayenda n'kukusiya m'nyumba, umatani?" Ndikayankha mwachidule, ankati ndifotokoze bwino, iye akumvetsera. Kuno kuimbirana pa WhatsApp sikutheka, choncho ndinkajambula mauthenga a mawu, aatali, nditatsamira makina ochapira kuti madamu asandimve. Ndinkati banja langa ladzukanso. Mwamuna amene ali kutali chonchi n'kumafuna kudziwa mmene ndimadyera, ndikanafunanso chiyani?

Ndiye kunabwera sabata ina yoipa. Sofia anadwala, thupi kutentha, osafuna munthu wina koma ine. Ndinamubereka mpaka msana unauma. Tsiku limene anachira anandiitana kuti mama, mayi wake ali pomwepo. Mawa lake ndi pamene ndinakumbukira kuti tsiku lobadwa la Tiwale linali dzulo, ndipo sindinamutumizire ngakhale liwu limodzi. Ndinalowa mochapira muja, ndinadina foni, ndinayankhula ndikulira. Ndi mmene munatulukira mawu aja.

3

Mwamuna amaululira pati zinsinsi za mkazi wake? Ine ndinkadziwa malo amodzi okha, pa pilo.

Ndinapirira Lolemba, Lachiwiri ndinalephera. Sofia atangogona ndinamuimbira Rogers pa apu ina yoimbira, nthawi imene ndinkadziwa kuti ali pa buleki.

"Bambo a Tiwale, Prisca ndi ndani?"

"Prisca uti?"

"Alipo angati?"

"Selina, m'kalasi mwanga mokha muli a Prisca awiri. Ukunena chiyani?"

"Wamfupi, woyera, wa mpata m'mano. Amene munamulimbitsa mtima asananyamuke."

Anaseka. Kuseka kumeneko kunandipsetsa mtima kuposa kutukwana.

"Kutentha kwa kumeneko kwayamba kukulowa m'mutu," anatero. "Sindimudziwa munthu ameneyo. Belu lalira, tiyankhulana."

Za mawu aja sindinamufunse. Ndinkaopa kuwatchulanso, ngati kuti ndikawatchula afika msanga kwa Tiwale.

Madzulo ake ndinaimbira mwanayo. Kunena zoona, panali patapita miyezi Tiwale akundiyankha ngati akulipira mawu aliwonse. Mwana amene kale ankandiuza ngakhale za nsapato za aphunzitsi ake.

"Sukulu ikuyenda bwanji, mwanawe?"

"Bwino."

"Kunyumbako kumabwera alendo?"

"Ayi."

"Palibe chimene ukufuna kundiuza?"

"Palibe. Mumupatse moni Sofia."

Ankamaliza choncho nthawi zonse, ine n'kumati mwana wanga ali ndi ulemu. Tsiku limenelo ndinalumikiza zanga. Ndinati basi, mkazi walowa m'nyumba mwanga, mwana waona, bambo ake amuopseza kuti asanene. Masiku otsatirawo ndinkasita malaya a bwana ndikukangana ndi Prisca mumtima. Ndinamukonzera mawu, ena oti sindingawalembe m'magazini. Chakudya ndinkangochisiya m'mbale. Madamu anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati ndi mutu chabe, iwo anandipatsa mapilitsi awiri n'kupitiriza kuyankhula pa foni.

4

Madamu sandimasula Lamlungu lililonse, choncho ndinadikira. Litakwana langa, ulaliki sindinaumve. Maso anga anali pa duku la Prisca, mizere itatu kutsogolo kwanga. Amen womaliza asanathe bwino ndinali nditamugwira kale.

"Lero basi ikusiya, ndikulipirira Metro," ndinamuuza. "Tiye tikamwe tiyi."

Tinalowa m'kakafiteriya ka Amwenye pakona. Ndinaitanitsa karak ziwiri, tiyi wamkaka uja wa m'timakapu tapepala.

"Unagona naye kangati mwamuna wanga?"

Prisca anatsamwa. Tiyi anamutayikira pa chitenje.

"Achemwali, mukuti chiyani? Ine ndinawaona kamodzi kokha, ali kutsogolo, ine ndili kumbuyo kwenikweni. Ngakhale moni sitinapatsane."

"Nanga za mumtima mwanga unazitenga kuti?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona mantha akuchoka pankhope pake, chisoni chikulowa m'malo mwake, ndipo chisonicho chinandiopsa kwambiri.

"Kani simukudziwa," anatero chapansipansi.

Anatulutsa foni, anafufuza, n'kundipatsa. Chinali chithunzi cha holo ina ku Lilongwe. Anati bungwe lina linasonkhanitsa akazi amene ankakonzekera kubwera kuno kudzagwira ntchito, kuti awauze zimene akakumane nazo. Holo yodzaza. Kutsogolo kunali Rogers, atavala shati ya buluu imene ndinamutumizira ndekha, akuloza khoma. Pakhomapo makina anali ataonetsa mawu akuluakulu, m'Chichewa, Chingelezi chake chili m'munsi:

"Masiku ena ndimamva ngati mwana wa bwana ndimamukonda kuposa mwana wanga … ndiye amene ali m'manja mwanga."

Pansi pake, m'mabulaketi, panali dzina langa. S. Kasuba, personal communication, 9 March 2023. Mipatuliro yonse ili m'malo mwake.

"Ndinajambula chifukwa zinandikhudza," anatero Prisca. "Anatiuza kuti awa si mawu a m'buku, ndi a akazi awo enieni, a Selina, amene ali ku Dubai. Akazi ambiri analira. Ine ndinkaganiza kuti munavomera."

Ndinkakulitsa chithunzicho ndi zala, sindikudziwa kuti ndinkafunafuna chiyani. Ndiye pakona, pambali pa tebulo, ndinaona phewa ndi theka la nkhope ya munthu atakhala pa laputopu.

"Uyu ndani?"

"Si mwana wanu ameneyo? Anati ndi mwana wawo, wabwera kudzawathandiza. Ndi amene ankadina kuti mawu azisintha pakhoma. Atafika pamenepa anatuluka panja. Tinkangoti wapita kuchimbudzi."

Ndinamubwezera foni yake. Chibwenzi chimene ndinachikonzera nkhondo kunalibe. Mwana wanga anali atawerenga kale, ndipo anadziwerengera yekha, pamaso pa anthu odzaza holo.

Prisca sanakwere Metro yake mpaka ataona kuti ndingathe kuyenda. Ndinamupepesa chifukwa cha funso langa lija. Anati palibe kanthu, iyenso akanafunsa chimodzimodzi.

5

Ndili pa siteshoni ndinalembera Rogers kuti anditumizire buku lake lonse la kafukufuku, osati marefelensi okha. Apa m'pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyi sindinaonepo chaputala ngakhale chimodzi. Ankanditumizira masamba akumapeto okha, ine osadabwa. Anazengereza, anati ndi lalikulu, lidya bandulo. Ndinati nyumba ino ili ndi wayifayi. Linabwera Lolemba.

Dzina langa ndinalipeza m'chaputala chachinayi, tsamba ndi tsamba. Za mphaka uja zinalimo. Zoti ndimadya choimirira pafupi ndi sinki zinalimo. Zoti akapita kokayenda ndimayatsa wailesi ya kanema kuti m'nyumba mumveke mawu a anthu, zinalimonso. Chilichonse ndi deti lake. Mafunso onse achikondi aja anali mitu ya ndime zake.

Ndipo ndinakumbukira masana ena, chaka chatha, atandifunsa ngati zocheza. "Selina, nanga munthu akakuuza zinthu pakamwa kapena pa foni, umamulemba bwanji?" Ine ndi kunyada kwanga ndinamuphunzitsa bwinobwino. Ndinati umalemba chilembo choyamba cha dzina lake, dzina la bambo, mawu akuti personal communication, kusonyeza kuti anakuuza iweyo pawekha, kenako deti. Ndinawonjezera kuti zimenezi zimakhala m'kati mwa nkhani mokha, sizilowa m'marefelensi akumapeto, chifukwa wowerenga sangapite ku laibulale kukazipeza. Anathokoza kwambiri. Ndiye kuti malo okhawo amene ndinkayang'ana ndi amene dzina langa silikanaoneka, ndipo anamva kwa ine.

Ndinamuimbira.

"Ndawerenga," ndinatero.

"Ndiye waona kuti iwe ndiwe mtima wa buku lonse," anayankha mwachangu, ngati anakonzekera. "Oyesa mayeso anachiyamikira kwambiri chaputala chimenecho."

"Akazi ena amene munawafunsa munawabisa. Mayi A, Mayi B. Ine bwanji?"

"Amenewo anali anthu a kafukufuku, pali malamulo ake. Iwe ndiwe mkazi wanga. Komanso si iwe wemwe unkanena ku Zomba kuti mawu aliwonse ali ndi mwini wake? Ukanakonda ndibe mawu ako osakutchula?"

"Ndikanakonda mundifunse."

"Ukanadziwa kuti ndikulemba, ukanayamba kusankha mawu. Sizikanatuluka zenizeni."

Ananena zimenezi mofatsa, ngati akufotokozera mwana wa Fomu 1. Sankaona cholakwa, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati amachiona.

"Nanga Tiwale? Munamukhazika pa laputopu kuti adine yekha?"

Apa mawu ake anatsika. "Ndinaiwala kuti mawu amenewo alimo. Ndinamuuza pambuyo pake kuti ndi nkhani za sukulu chabe, asaziike kumtima."

"Bambo a Tiwale, pakati pa mawu aja mwaika madontho atatu. Ine ndi inu tikudziwa kuti madontho amenewo amatanthauza kuti mwadulapo mawu. Munadula chiyani?"

"Unali uthenga wautali. Supavaiza anati ndifupikitse."

"Sindinafunse chifukwa. Ndafunsa kuti ndinanena chiyani pamenepo. Mkazi wanu ankalira tsiku limenelo. Ananena chiyani?"

Ndinkamva ana asukulu akusewera chapatali, kwathu.

"Dikira," anatero, "ndiyang'ane mu laputopu."

Ndinadula foni. Akanandiuza kuti ali ndi chibwenzi, mwina ndikanakuwa, kulira, n'kudziwa pogwira. Koma apa ndinangokhala pansi pa matailosi, msana ku makina ochapira, n'kuzindikira kuti nthawi yonse ija ndinkayankhula ndekha. Sindinasungulumwepo ngati masana amenewo.

6

Chimene chinandidzutsa pansipo ndi deti lija.

Ku Zomba ndinkauza ana a pakoleji kuti chaka ndi tsamba sitilembera kukongoletsa pepala. Timalemba kuti amene akukayika abwerere kumene mawu anachokera, akadzionere yekha. Lamulo limati mawu a pakamwa wowerenga sangawapeze. N'zoona, koma mwini wake angawapeze. Rogers, ndi kusamala kwake konse, anandilembera tsiku lenileni.

Ndinatsegula mauthenga athu n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Ndinadutsa marefelensi, zithunzi za malipoti a Tiwale, mafunso ake okoma aja. Chala chinatopa. Kenako ndinafika pa 9 March, ndipo uthengawo unali pomwepo. Ndinauika kukhutu. Kumbuyo kunkamveka makina akuchapa, kutsogolo mkazi wa mawu osasa amene poyamba sindinamuzindikire.

"Masiku ena ndimamva ngati mwana wa bwana ndimamukonda kuposa mwana wanga, ndipo ndikangoganiza choncho ndimafuna nthaka indimeze, chifukwa si zoona, Rogers, si zoona. Ndikamubereka Sofia ndimatsinzina n'kumayerekeza kuti ndi Tiwale. Ndimamuimbira kanyimbo kaja ndinapekera Tiwale ali wakhanda, kuti ndimve ngati ndili kwathu. Koma ndikatsegula maso, mwana wa eni ndiye amene ali m'manja mwanga."

Ndinaumvetsera kawiri. Ndinaganiza zojambula wina watsopano, wokonzedwa bwino, wopepesa. Ndinaganizanso zodula chiyambi chake n'kutumiza zokoma zokhazo. Koma kudula ndi kumene kunatifikitsa apa. Ndinautumiza wonse kwa Tiwale, ndi kulira kwake komwe, n'kulemba pansi pake kuti: mwana wanga, bambo ako anakuonetsa chiyambi ndi mathero. Pakati pake ndi apa.

Madzulo timizere tiwiri ta pa WhatsApp tinasanduka tabuluu. Anamvetsera. Yankho silinabwere tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Ndinkasambitsa Sofia foni ili m'thumba la epuloni, ikangonjenjemera n'kuitulutsa msanga, n'kupeza kuti ndi uthenga wa kampani ya mafoni. Rogers anatumiza mauthenga ambiri, ena opepesa, ena ofotokoza. Sindinawatsegule.

7

Yankho la Tiwale linabwera Loweruka masana, ndikupinda matawulo. Uthenga wa mawu, waufupi. Poyamba kunkangomveka kupuma.

"Ndamva zonse," anatero Tiwale. Mawu ake anali aakulu, a munthu amene sindinamuone akukula. "Koma munanena ndithu, amayi. Ndipo amene ndinadina ndine. Azimayi onse aja anatembenuka kundiyang'ana."

Unathera pomwepo. Sananame. Ndinalemba kuti inde, ndinanena, ndipo pepa. Ndinakhala pabedi thawulo lili m'manja, ndikuganiza kuti mwina mwana ndamutaya basi.

Foni inanjenjemeranso.

"Kanyimbo kaja mukumuimbirabe?"

Ndikanatha kunama, ndani akanandiona? Koma ndinayankha kuti inde, masana aliwonse pomugoneka.

Anayamba kujambula, n'kusiya. Anayambanso. Ndinkaona pa foni kuti akujambula, akufufuta, akujambulanso. Pomaliza unafika, ndipo ulendo uno mawu ake ankanjenjemera ngati a mwana wa Sitandade 7 amene ndinamusiya pa eyapoti.

"Musiye. Ndi kanga kameneko."

Ndinalira mpaka madamu anagogoda kufunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Ndinati ayi madamu, ndi mwana wanga, wandikalipira. Sanamvetse chifukwa chimene ndinkasekera uku ndikupukuta misozi.

Inu amene mukuwerenga, ambiri muli ndi wanu kunja, kapena ndinu amene muli kunjako. Sindikuuzani kuti musamakhulupirire amuna anu, ine si mlangizi wa mabanja. Langa lomwe sindikudziwa ngati lilipo. Rogers anamaliza maphunziro ake, anavala mkanjo, chithunzi ndinachiona. Posachedwapa anandipempha kuti ndimukonzere marefelensi a pepala lina, ndinamuuza kuti afufuze wina. Timapatsana moni, timakambirana za sukulu ya mwana, basi. Akandifunsa kuti ndikumva bwanji, ndimati bwino.

Chimene ndikupempheni ndi chimodzi. Munthu amene ali yekha kutali akakutsegulirani mtima, sakukupatsani nkhani yoti mukagwiritse ntchito, ngakhale mutamutchula dzina molondola chotani. Kutchula mwini mawu ndi ulemu, ndinaphunzitsa anthu zimenezo ndipo sindikubweza. Koma kumufunsa kaye ndi ulemu woyamba. Ndipo mukamva kuti wakutiwakuti ananena zakuti, funsani zimene zinali pakati, chifukwa munthu mwiniyo nthawi zambiri amakhala pamene padulidwapo. Nkhani inoyi musanaione inu, Tiwale anaiwerenga yonse, ndipo wavomera.

Sofia anavuta masiku oyamba. Nthawi yogona ikakwana ankandikoka epuloni kuti ndimuimbire kanyimbo kake. Ndinamuuza kuti khalas, habibi, basi wokondedwa, nyimbo ija yabwerera kwa mwini wake, ndipo ndinamupekera ina. Sanaikonde, koma anazolowera.

Lamlungu lililonse masana ndimalowa mochapira muja, ndimatseka chitseko, n'kuimbira mu uthenga wa mawu mtsikana wa Fomu 2 kanyimbo ka mwana wakhanda. Sanandiyankhepo za kanyimboko, ngakhale liwu limodzi. Koma timizere tija timasanduka tabuluu ndisanatuluke m'chipindamo.